Jombo Zotsukidwa Pamtsinje

Chaka chomwe namasupuni adadzaza damu lalikulu la esiteti ya tiyi, kapitawo wa gulu lomuzula ndidali ine. Ndidatha masiku awiri ndikulemba ndondomeko ya ntchitoyo, ndipo ndinkayenda nayo m'thumba monyada. Udzu umenewu ndi wamakani: kachidutswa kochepa ngati chala kakagwera m'madzi ena, posakhalitsa pamakhala munda. Nkhawa yanga idali pa damu laling'ono lakumunsi, lothirira nazale ya tiyi. Achemwali anga ankagwira ntchito kumeneko, kuthira dothi m'machubu, ndipo ana awo anayi ankadya za manja amenewo.

Ndiye ndidalamula kuti namasupuni yense aunjikidwe kumtunda, aume, atenthedwe. Maukonde, mawilibala ndi jombo, zonse zizitsukidwa anthu asanapite kwawo. M'mawa uliwonse ndinkabwereza zomwezo, mpaka ena ankanditsanzira ndikangotembenuka.

Chomwe sindidalembe ndi malo otsukirapo. Mgolo wa madzi ndidaupempha, koma thalakitala idatanganidwa ndi kututa masamba, ine n'kuiwala. Anthu akwathu akaweruka amatsuka makasu ndi mapazi pamtsinje wowolokera kumudzi. Ndani sadziwa zimenezi? Inenso ndidakula ndikutero. Koma mtsinje umenewo ndi womwe umathira m'damu la nazale.

Sabata yachitatu ndidawapeza anthu a gulu langa ali pamtsinjepo, m'madzi olekeza m'mawondo, akukutumula maukonde, tizidutswa tobiriwira tikuyandama kulowera kumunsi. Ndidapsa mtima, ndidakuwa mpaka mawu kusasa.

Bambo wina wachikulire, amene adayamba ntchito ine ndisanabadwe, adandiyang'ana modabwa. "Akapitawo, mesa munati tizitsuka? Tatsukatu. Taonani jombozi, mbee ngati zopita nazo kutchalitchi. Nanga mumafuna titsukire malovu?"

Mawu amenewo adandikwiyitsa koposa.

Pofika chilimwe, damu laling'ono lija lidangoti biriwiri. Paipi ya pampu inkatsekeka tsiku ndi tsiku, mbande zidauma mizere yathunthu, ndipo theka la amayi a kunazale adauzidwa kuti ayambe akhala kunyumba. Achemwali anga adali m'gulu lomwelo.

Lamlungu ndidapita kukawaona, nditakonzeka kudandaula za anthu osamva. Adandimvetsera uku akusenda chinangwa, osadzutsa mutu.

"Achimwene, anthuwo adamva bwinobwino," adatero. "Ine ndinkawaona tsiku lililonse pamtsinjepo, koma sindinanene kanthu. Ndimati mwawatuma ndinu, poti inu munapita kusukulu."