Mawu a Amuna Anga Amene Anatsala ku Hatfield

Pepalalo ndinalipeza m'thumba la ovolosi ya amuna anga, patapita milungu itatu chitumizireni thupi kumudzi. Ndinkasonkhanitsa katundu wawo. Kwathu ku Ntcheu munthu akamwalira, zake zonse zimaikidwa poyera pamaso pa abale, ngakhale lumo lometera ndevu, ndipo mkazi wobisako kanthu mbiri yake siikhala yabwino. Alamu anga anali ataimba kale foni kuti ndimange zonse, zikwere basi.

Sizinali zambiri. Majombo, sizasi yodulira maluwa, jekete la ku tchalitchi, Baibulo. Amuna anga ankasamalira maluwa ndi kapinga kwa azungu ku Pretoria North, ine ndikuchapa ndi kusita m'nyumba ina mumsewu womwewo. Tinkagona ku Atteridgeville, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni. Anagwa ali pa ntchito Lachiwiri masana, paipi ili m'manja, madzi akutuluka. Adokotala anati ndi mtima.

Pepalalo linali la Chingerezi, koma m'munsi munali dzina lawo, lolembedwa ndi dzanja lawo lomwe. Ine sukulu ndinalekezera sitandade folo, ndiye ndinapita nalo kwa mayi wina wa m'chigwirizano chathu. Iye anawerenga, nandiuza kuti lachokera kwa anthu ophunzira za maganizo ku yunivesite ya ku Hatfield. Akuti ankafufuza mmene ife obwera timakhalira kuno ku Joni, chimene chimatidetsa nkhawa ndi chimene chimatisangalatsa. Amuna anga anavomera kufunsidwa mafunso, ndipo anavomeranso kuti mawu awo ajambulidwe.

Ndinakhala pansi pa simenti. Mawu awo ati? Munthu ameneyu ndinakhala naye zaka makumi awiri ndi zitatu. Sanandimenyepo, sanagonepo kunja, koma kulankhula kunali kowavuta. Akafika madzulo ankati mwaswera bwanji, kenako n'kufunsa ngati madzi osamba alipo, basi tsiku latha. Anzawo ku tchalitchi ankawaseka kuti mawu amachita kugula ngati mayunitsi.

Mumtima ndinati, ngati mawuwo alipo, ndi katundu wa malemu. Sangatsale m'manja mwa alendo. Lachinayi ndinapempha chilolezo kwa abwana anga, n'kukwera tekisi, minibasi ya kuno, mpaka m'tauni, ina mpaka ku Hatfield. Foni ndinaitchaja bwinobwino, poganiza kuti akangondiikira mmenemo monga amaikira nyimbo anyamata a pa siteji.

Amene anandilandira anali mayi wa magalasi, wocheperapo kwa ine. Anati agogo ake anachokera ku Dedza nthawi ya migodi, iye anabadwira konkuno. Chichewa chake chinkatsimphina, kwina chikulowa Chisutu, koma tinkamvana. Ataona pepala anawakumbukira. Anati ndi bambo aja anavula chipewa pakhomo n'kukana mpando mpaka atauzidwa kawiri. Nditamuuza kuti anatisiya, anagwira pakamwa.

"Eish, pepani Amayi. Sindinamve."

Ndinaika foni patebulo, n'kunena chimene ndadzera. Anaiyang'ana nthawi yaitali osaigwira. Kenako anandifotokozera pang'onopang'ono kuti aliyense amene amamufunsa mafunso amamulonjeza kaye kuti mawu akewo sadzamvedwa ndi munthu wina, ndipo lonjezolo silitha munthu akamwalira.

"Ngakhale ine mkazi wawo?"

"Ngakhale inu, Amayi."

Sindinakalipe. Sindinaleredwe choncho. Ndinangofunsa kuti analankhula nthawi yaitali bwanji, poti ndinkaganiza za mphindi zisanu. Anayang'ana m'buku lake, nati ola limodzi ndi mphindi makumi anayi.

Ola ndi mphindi makumi anayi ndi ulendo wa kuntchito, kupita ndi kubwerera. Ulendo umenewo tinkayenda limodzi tsiku ndi tsiku, mapewa atagundana m'tekisi, iwo ali duu kuyang'ana pawindo. Ndiye kuti mawu onsewo anali nawo m'kati, ine ndili pambali pawo pomwepo.

Maganizo oipa anabwera msanga. Ndinamufunsa ngati anatchulapo za mkazi wina, kapena mwana amene sindikumudziwa. Anayankha kuti akandiuza lero kuti palibe, mawa wina adzafunsa zomwezo, ndipo iye akadzakhala chete munthuyo adzadziwa kuti ndi zoona. Choncho sayankha aliyense. Chimene akanatha kundiuza n'chimene waona pa ntchito yake: abambo ambiri amatulira mlendo zimene satulira kunyumba, osati chifukwa chikondi palibe, koma poopa kusenzetsa munthu amene wasenza kale. Anandiuzanso kuti alipo anthu othandiza ofedwa, ndikafuna adzandiperekeza. Ndinathokoza, koma sindinadzere zimenezo.

Nditaimirira kuti ndizipita, ndinafunsa kuti nanga mawuwo adzawasunga mpaka liti. Anati akamaliza kuwalemba papepala, popanda dzina, ojambulidwawo amafufuta.

Ndinakhalanso pansi. Ine kumaliro a amuna anga sindinapite. Mapepala anga anali atatha, ndikanatuluka sindikanaloledwa kubwereranso, ndipo ana kumudzi amadya za m'manja mwangamu. Mwambo ndinaonera pa foni, ndipo netiweki inaduka bokosi lisanatsikire m'manda. Tsopano chotsala chawo chomaliza chinali kudzatayidwa tsiku lina lililonse, munthu akumwa tiyi.

Ndinamuuza kuti kwathu maliro saikidwa mwini wake palibe. Ngati sindingawamve, andiuze tsiku, ndidzakhalepo. Anati pempho lotere sanalimvepo chiyambireni ntchito, ayambe wafunsa akuluakulu ake. Patatha milungu iwiri anaimba.

Ndinamanga duku wakuda n'kupita ndekha. Anandikhazika pafupi ndi kompyuta, nandionetsa kamzere kamodzi pakati pa tinzake tambiri. Panalibe dzina, nambala yokha. Ndinafunsa ngati alidi mmenemo, iye anati alimo. Ndinaika dzanja pagalasipo. Linali lofunda.

Anandifunsa ngati ndakonzeka. Ndinati adikire. Ndinali nditalonjeza mumtima kuti sindipemphanso, koma pakamwa panatseguka pokha.

"Ngakhale moni wokha, mwanangu. Pamene akuti muli bwanji."

Anavula magalasi n'kupukusa mutu. Misozi inali ikutsika, koma anapukusabe mutu. Pamenepo ndinamvetsa chifukwa chake amuna anga analankhula kwa iyeyu.

Ndinapemphera mwachidule, n'kumuuza kuti achite. Anadina kamodzi. Makinawo anafunsa kanthu m'Chingerezi, anadinanso, kamzere kaja kanachoka, tinzake tam'munsi tinakwera kutseka malo ake. Sipanamveke phokoso lililonse. Kunja ophunzira ankaseka, wina akuitana mnzake.

Kenako ndinapempha madzi, poti kumanda munthu sachokako osasamba m'manja. Anabwera nawo m'kapu ya tiyi, nandithirira pamwamba pa ndowa ya zinyalala. Ine ndinalandira kapuyo, n'kumuthiriranso iye.