Khoma Limene Linaledzera pa Foni

A Vinsenti Zikhalo anabadwa pa 3 Febuluwale 1958 kufupi ndi Kabwazi, ndipo anayamba kugwira levulo, chida choyezera kuwongoka kwa khoma, mu 1977. Chiyambire nthawi imeneyo amanga nyumba, magolosale ndi matchalitchi a m'midzi kuchokera kwawoko mpaka ku Mayani. Zoti ndi a mtima wapachala aliyense akudziwa, koma khoma lawo silinapendekepo. Mzere wa njerwa ukangophonya chingwe, ngakhale ndi kachikhadabo, amagumula n'kuyambiranso.

Mu Meyi 2023 anayamba kumanga nyumba ya Bongani, mnyamata wa m'mudzi momwemo amene amagwira ntchito ku Joni. Lachisanu pa 14 Julaye, khoma litafika pamwamba pa mawindo, Bongani anatuma mlongo wake Monika kuti akajambule vidiyo, aone pamene ntchito yafika. Monika anali pa ulendo wa kumsika, kunja kukuzizira, ndipo sanafune kutsika pa njinga yamoto ya kabaza. Anangouza woyendetsa kuti adutsire kumalowo, iye n'kutukula foni, njinga ikudumphadumpha m'mabampu.

Pa vidiyopo nyumba inaoneka ngati yaledzera. Makona onse anapendekera mbali imodzi, mawindo anapotoka, khoma likunjenjemera ngati phala lozizira. Monika anaiponya pa gulu la WhatsApp la anthu a m'mudzimo, la amene ali kumudzi ndi amene ali ku Joni. Bongani anayankha pagulu pomwepo ndi mawu ojambula.

"Madala aja akalamba, maso anatha. Asiye pomwepo asanandiphere ana."

A Vinsenti foni yawo ndi ya mabatani, choncho sanamve kanthu mpaka Lamulungu potuluka mu Misa.

"Mwadzuka bwanji, a Chipendeke?" anatero a Ezara, mnzawo wa ku mphakati, anthu n'kufa nacho chiseko. Kenaka anawaonetsa vidiyo ija.

A Vinsenti sanapite kunyumba kukavula jekete. Anakatenga levulo, n'kukaitana Monika, n'kupita naye pa nyumbapo. Anaika levulo pa kona iliyonse, kadontho kake kali pakati penipeni.

"Mayi, muli ndi maso. Lapendeka pati khomali? Lozani!"

"Abambo, ine ndinangojambula. Foni sinama. Mwina likuoneka lowongoka chifukwa tayandikira."

Mawu amenewa ndi amene anawatentha kwambiri kuposa a Bongani. Munthu waima pa khoma, akulikhudza ndi dzanja, koma akukhulupirira kagalasi ka m'thumba! Sabata imeneyo sanadye bwino. Anakalipira akazi awo, mbuzi, ngakhale wailesi. A ku Mayani amene anawalonjeza ntchito ya chigayo anangoti zii.

Loweruka pa 22 Julaye kunabwera Hellen, mwana wa mlongo wawo, amene amajambula maukwati ndi zinkhoswe ku Dedza Boma. Vidiyoyo inali itamupeza komweko. Anafika ndi kamera yake ndi choimikapo cha miyendo itatu.

"Amalume, khoma lanu lilibe mlandu. Taonani mtengo wa bulugamu uli kuseriwo pa vidiyopa. Nawonso wapendeka. Munaumanganso ndinu?"

"Usandiseke, iwe. Nanga chapendeketsa n'chiyani?"

Hellen anayatsa kamera yake, nailozetsa pa khoma, n'kuitembenuza mwaliwiro kuchokera kumanzere kupita kumanja. Atawaonetsa, khoma lija linali litagonanso.

"Makamera ambiri, ndi a m'mafoni omwe, satola chithunzi chonse kamodzi. Amachiyala mzere ndi mzere, ngati mmene mumayalira njerwa, kuyambira kumwamba kutsika pansi. Mukaisuntha mofulumira, mzere wapamwamba umayalidwa muli apa, wapansi muli apo. Zili ngati wina akukusunthirani chingwe mzere uliwonse."

A Vinsenti anaphulika.

"Kuyambira kumwamba? Mmisiri wa kuti amene amayambira kudenga? Ndiye chinthu chosadziwa ndi maziko omwe n'chimene chandichotsa ntchito? Chandipatsa dzina pa tchalitchi?"

"Chimafuna ulemu basi, amalume. Osajambula uli pa njinga. Uime, uchigwire ndi manja awiri kapena uchikhazike apa. Potembenuka uzipita pang'onopang'ono ngati uli pa mdipiti wa zopereka. Ndipo osakokera chithunzi pafupi uli patali, chifukwa kunjenjemera kumakula. Ukafuna pafupi, yenda ndi miyendo."

Anajambulanso tsiku lomwelo. Hellen anakhazika kamera pa miyendo yake itatu ija n'kumaitembenuza modekha. A Vinsenti anaima pa kona atalendewetsa chingwe chomangirira mwala, nkhope ili gwa, jekete atamanga mabatani onse. Chingwe ndi khoma zinatsika limodzi ngati mapasa. Hellen anatumiza vidiyoyo kwa Bongani ndiponso pagulu paja.

Koma khoma lowongoka siliseketsa munthu. Vidiyo yoyamba inafika mpaka ku Lilongwe, yachiwiriyi anaiyankha anthu ochepa, wina n'kungoika kachithunzi ka chala. Bongani sanalankhule pagulu. Anatumiza mawu kwa Hellen yekha: "Uwauze madalawo apitirize, zinali za foni."

"Umuuze kuti ananditukwanira pabwalo," anatero a Vinsenti. "Akapepesere pabwalo pomwepo, ndi pakamwa pomwepo. Ine si mbuzi yoti aimasule ndi kuimanga mmene wafunira."

Hellen anapereka uthengawo monga unalili. Bongani anayankha kuti iye sangagwadire munthu pagulu chifukwa cha nthabwala, ndipo amisiri ndi ambiri. Akazi awo a Vinsenti, a Filomena, anawachonderera kuti angomeza mate amalize nyumbayo, mvula isanagwe. A Ezara nawo anabwera kudzapepesa za dzina lija, koma anapezeka aliitananso pakati pa kupepesako, ndipo anatuluka pakhomopo mothamanga.

A Vinsenti anadikira mpaka pa 31 Ogasiti. Tsiku limenelo anapita pa nyumbapo, namasula chingwe chawo, natenga matabwa awo okwerapo, n'kuwakweza pa ngolo. Nyumbayo anaimaliza mmisiri wina wa ku Mayani, ndipo inaima bwinobwino, poti maziko ndi makona anawapeza ali m'malo. Sanaipake pulasitala mpaka lero. Odutsa pamsewu amaona pamwamba pa mawindo pamene njerwa zasintha mtundu: zofiira kwambiri m'munsi, zotuwa m'mwamba. A Vinsenti akamapita ku Misa amazungulira njira ya kudimba, ngakhale ndi yotalika ndiponso yamatope, kuti asaione.