Diresi la Anesi

Kuseri kwa siteji ya basi, pakati pa shopu ya mafoni ndi kachipinda kometeramo tsitsi, pali chitseko chimene chimatsekulidwa mbandakucha. Ukamadutsa pamenepo umalandiridwa ndi fungo la sopo ndi la nsalu yotentha. M'menemo ndi momwe amagwirira ntchito Mayi Simbi. Dzina lawo lenileni linatsalira pa chitupa, ndipo ngakhale mwana wawo akafuna kuwaseka amawaitana choncho. Zaka makumi awiri ndi ziwiri akhala akuchapa ndi kusita zovala za eni ake, ataimirira pa tebulo lomwelo mu patapata, mpaka simenti inachita kukumbika pamene amaponda.

Chuma analibe, koma mbiri anali nayo. Pashelefu pankakhala kachitini kosungiramo zotsalira m'matumba a makasitomala: makiyi, ndolo, mabatani, tsiku lina mpaka mphete ya ukwati imene mwini wake anali atanamizira kale wantchito wa kunyumba kwake. Chilichonse chinkabwerera kwa mwini. Kuti zovala zisasokonekere, ankasokera kaulusi mkati mwa mpendero, kasitomala aliyense mtundu wake, kenako n'kumulembera lisiti lonena kuti wasiya malaya angati, masiketi angati.

Munthu mmodzi yekha ndiye sankalandira lisiti. Anali namwino wa pachipatala china, mayi wamtali wosalankhulalankhula, amene aliyense ankangomuti Anesi. Chizindikiro chawo chinali ulusi wobiriwira, wosokedwa kawiri. Chaka choyamba chomwe, Mayi Simbi akutsekula buku, Anesi anabweza ndi dzanja.

"Lisiti la chiyani? Lisiti langa ndinu."

Kwa zaka khumi ndi ziwiri zinayenda choncho. Ankasiya mtolo osawerenga, n'kudzatenga osamasula. Mayi Simbi mawu amenewo ankawanyadira kuposa chilichonse chimene anali nacho. Wometa tsitsi anali atawamva kambirimbiri moti ankatha kuwamalizitsa yekha.

Nyengo yotentha ikafika, pabwalo lalikulu la kunja kwa tauni pankachitika chikondwerero cha nyimbo, ndipo sabata imeneyo chipinda cha Mayi Simbi chinkasanduka sukulu. Atsikana ankabwera ndi zovala m'majumbo kudzafunsa nzeru, poti munthu amene wachapa thukuta la tauni yonse amadziwa nsalu. Iwo sankanyengerera.

"Nayiloni iyi ikakuphika wamoyo. Choyera ichi, ukangokhala pansi kamodzi chatha. Tenga cha thonje, chokhwepa, mphepo izilowa. Nanga matumba ali kuti? Foni ukaigwira kumanja tsiku lonse ngati mwana wakhanda? Chipewanso usaiwale, dzuwa silidziwa kuti watchena."

Ankalangiza ngati munthu woti anakulira komweko, chonsecho phazi lawo linali lisanapondeko. Nyimbozo ankangozimvera patali, mphepo ikawakomera mtima.

Chaka chimenecho mwana wawo wamkazi, yemwe anali atangoyamba ntchito ku ofesi, anabwera ndi matikiti awiri. Anati akufuna anzake a kuntchito akawaone mayi ake. Mayi Simbi anakana kawiri mwamwambo chabe, kachitatu n'kuvomera, mtima ukuvina. Chisangalalocho chinathera pa chitseko cha wadiropu. Mwanayo ankatulutsa chimodzichimodzi n'kumaponya pabedi: diresi lakuda, suti yokhuthala imene anavala pa ukwati wa mlongo wawo, maepuloni atatu.

"Amayi, ili ndi la kumaliro. Iyi mukakomoka nayo tisanalowe n'komwe. Inu amene mumaveka tauni yonse, mulibe kanthu?"

"Ndili nazo zina, ndinasunga," anatero Mayi Simbi, akuyang'ana kumbali.

Analibe. Ndipo chimene chinawapweteka sichinali kusowako ayi, koma nkhope ya mwana wawo, imene inayesetsa kuseka koma maso akuwerenga kale zimene anzake aja akanene.

Lachisanu masana anali kusita mtolo wa Anesi. Pansi penipeni panali diresi limene ankalidziwa ngati lawo: la thonje, lofiirira ngati njerwa moti fumbi silingaonekepo, lofika kumusi kwa mawondo, la matumba awiri akuya. Likanakhala funso la pamayeso, diresi limeneli ndiye yankho lake. Anesi posiya mtolowo anali atanena kuti adzatenga Lolemba, chifukwa Loweruka ndi Lamlungu ali pantchito. Mayi Simbi analisita, n'kulipachika pa hang'ala. Analitsitsa, n'kulipachikanso. Kenako anatseka chitseko, chinthu chimene sankachita masana, n'kulivala. Linawakhala ngati telala anawayeza iwowo.

Munthu akafuna kulakwa sasowa zifukwa. Anadziuza kuti si kuba, n'kubwereka. Anadziuza kuti diresi silitha ndi tsiku limodzi, ndipo wolichapa ndi iwo omwe. Zoti nsalu yobwereka sithetsa usiwa ankazidziwa bwino, anali atauzapo atsikana ambiri, koma tsiku limenelo mwambiwo unali wa anthu ena.

"Eee, amayi! Mumabisa zimenezi?" anakuwa mwana wawo Loweruka m'mawa. "Munagula liti?"

"Kalekale," anayankha, ndipo bodzalo linatuluka mosavuta mpaka iwo eni anadabwa.

Chimene anaiwala ndi mapazi. Nsalu ankazidziwa, koma nsapato ayi, poti moyo wawo wonse unali wa patapata. Mwanayo anawabwereka zake za kanivasi, zothina pang'ono, n'kuwatsimikizira kuti zikamasuka poyenda.

Kubwalo kuja diresi linagwira ntchito yake. Dzuwa linkaswa mtengo, atsikana a nayiloni ankadzikupiza ndi matikiti, koma Mayi Simbi mphepo inkangowadutsa. M'thumba lina munali foni, lina botolo la madzi. Anzake a mwana wawo anawazungulira, wina anagwira nsaluyo n'kunena kuti mayi awa ndiye atiposa tonse. Mwanayo anawakolowekera dzanja m'khosi powajambula. Ng'oma zitayamba kugunda mpaka m'chifuwa, Mayi Simbi anavina, iwo amene anali asanavine chimwalirire bambo a mwanayo. Kwa maola awiri anaiwaliratu kuti avala za mwini.

Nsapato sizinaiwale. Pofika cha m'ma 3 koloko chidendene chakumanja chinali chitatuluka thuza, thuzalo n'kuphulika, magazi n'kuyamba kuonekera pa kanivasi. Anayesa kubisa, koma kutsimphina sikubisika. Mwana wawo anawakokera ku tenti yoyera ya achipatala imene inali pafupi ndi geti, iwo akukana njira yonse kuti n'zazing'ono.

Analowa, anakhala pa benchi. Namwino amene anali atawafulatira, akukonza mabandeji patebulo, anatembenuka. Anali Anesi. Sananame kuti ali pantchito, kungoti Mayi Simbi sanafunse kuti ntchitoyo ikakhala kuti.

Mayi Simbi anafuna nthaka ing'ambike iwameze, koma nthaka yake inali yopondedwa ndi anthu zikwizikwi, yolimba ngati simenti. Maso a Anesi anayenda kuchokera pakhosi la diresi mpaka pamatumba, n'kubwerera kunkhope.

"Mayi Simbi, mwatani?"

"Nsapato zawaluma," anayankha mwanayo.

Anesi anakoka beseni, anagwada, n'kuwavula nsapato ija pang'onopang'ono. Kuti madzi asanyowetse diresi, anapinda mpendero n'kuukweza pabondo. Ulusi wobiriwira, wosokedwa kawiri, unali pomwepo pansi pa chala chawo. Anauyang'ana kanthawi, kenako anayamba kutsuka chilondacho.

"Diresi labwino," anatero osadzutsa mutu. "Matumba ake ndi akuya, eti?"

"Anasankha okha," anatero mwanayo monyadira. "Amayi anga pa nsalu ali ndi diso."

"Diso ali nalo," anavomera Anesi.

Akanawakalipira pamaso pa anthu, mwina zikanapepuka. Munthu wokalipiridwa amapeza poyankhira, kapena polirira. Koma mwini diresi anali atagwada pafumbi, akutsuka phazi la munthu amene wamuvalira chovala, ndipo manja ake anali ofewa. Mayi Simbi manyazi anawagwira mpaka makutu kuwatentha. Mankhwala othira pachilonda amaluma, koma sanawamve n'komwe. Anesi anamata pulasitala, anatsitsa mpendero uja n'kuuwongola bwinobwino ndi chikhatho, n'kuuza mwanayo kuti awapezere patapata.

Woimba amene anthu ankamudikira anakwera pansanja dzuwa likupendeka, bwalo lonse n'kuchita chipwirikiti. Mayi Simbi anaima kumbuyo, manja atawatalikitsa ndi thupi kuti asakhudze nsaluyo. Anakana chakumwa kuopa kudonthezera, anakana kukhala pansi. Mwana wawo ankaganiza kuti ndi phazi, ndipo iwo anamusiya aganize choncho.

Lamlungu analichapa pamanja kawiri, analiyanika pamthunzi, analisita kunja ndi mkati. Palibe chovala chimene chinasamalidwapo chotero m'chipinda chimenecho. Anamanga mtolo n'kuuika pamalo pake, kenako anayamba kukonza mawu oti adzanene. Anawakonza tsiku lonse, koma onse ankamveka ngati a wakuba wochenjera.

Lolemba m'mawa Anesi anafika ndi jumbo la zovala zina. Mayi Simbi ataona jumbolo mtima unatsikako: ndiye kuti sanawataye.

"Anesi, za Loweruka zija, ine..."

"Phazi lili bwanji?"

"Likupola. Koma ndimati ndinene kuti ndinalakwa. Mwana uja anali ndi anzake, ndiye ine ndinalibe..."

"Mukanandipempha, ndikanakupatsani," anatero Anesi motsitsa mawu. "Ndi chipewa chomwe, chilipo chake."

Mayi Simbi anapereka mtolo uja ndi manja awiri. Anesi anauika patebulo lositira, anamasula mfundo, n'kuyamba kutulutsa chimodzichimodzi, milomo ikuyenda. Mayunifolomu anayi, masiketi awiri, diresi. Zonse zinalipo. Anamanganso, kenako anakhuthula jumbo lija n'kuwerenganso zimene akusiya.

"Zisanu ndi chimodzi. Mundilembere lisiti."

Sananene mwaukali. Ananena ngati mmene amanenera kasitomala aliyense. Wometa tsitsi, amene anali ataima pakhomo kudikira matawulo ake, anayang'ana pansi n'kubwerera kwake wopanda matawulo.

Mayi Simbi anatenga buku pashelefu, pafupi ndi kachitini ka makiyi ndi ndolo kaja. Bolopeni inakana kulemba, anaikwecha pachikuto mpaka inagwira. Analemba tsiku, analemba nambala ya zovala. Atafika pamzere wa dzina dzanja linaima, chifukwa m'mabuku onse a zaka khumi ndi ziwiri munalibe tsamba limene analembapo munthu ameneyu. Analemba kuti Anesi, anang'amba pepalalo n'kupereka. Anesi analipinda kawiri, analiika m'chikwama, n'kunena kuti adzatenga Lachinayi.