Aneba Anga Anakana Kugwa

Aneba anga kuno ku Lang'ata, m'dziko la eni lino, ndi adalaivala a bungwe lina la mpingo, koma Loweruka simungawazindikire. Amavala nthenga kumutu ndi zikopa m'chiuno, n'kutuluka ndi chishango chimene anakonza okha ndi chikopa cha ng'ombe chogula kwa Amasai ku Kitengela. Moto amachita kupeka ndi timitengo, machesi ali m'thumba. Akazi awo akadandaula kuti anthu akuwaseka, iwo amangoti, "Aseke, mano ndi awo."

Loweruka lina chaka chatha azungu a kuntchito kwawo, amene amakonda kuvala malaya achitsulo n'kumasewera nkhondo zamakedzana zakwawo, anawaitana kuti akakometse masewerowo. Anawalangiza bwinobwino kuti lupanga lamtengo likangowakhudza, agwe pansi ngati afa.

Ine ndinali pomwepo. Bwana wawo weniweni, yemwe anawalemba ntchito, anawakhudza nalo paphewa. Aneba sanagwe. Bwanayo anabwerezanso, chishango chinangoti phu! Mzunguyo, thukuta lili kamukamu m'chisoti chachitsulo, ananong'ona kuti, "Mwafa kale, igwani!"

"Wakuuzani ndani?" anayankha aneba, n'kuyamba kuvina ngoma yakwawo ku Ntcheu, fumbi koboo. Anamuzungulira bwanayo mpaka zitsulo zake zinamulemera, n'kukhala pansi yekha.

Pobwerera m'matatu, minibasi za kuno, ndinawafunsa ngati sakuopa kuchotsedwa ntchito.

"Achimwene, Lolemba mpaka Lachisanu ndimawatsegulira chitseko cha galimoto," anatero atakumbatira chishango chawo. "Ndiye Loweruka lomwe ndiwaferenso?"