Kadontho ka Magazi Kamene Kanabwezera Jailosi pa Boti

Inu amene mwauzidwa kuti muli ndi matenda a shuga ndipo mukuona ngati zanu zathera pomwepo, imvani za Jailosi Mkwichi.

Tsiku limene anagwa pa boti, anzake anaganiza kuti wafa. Ankachokera ku chilumba cha Mbenji atagwira chiwongolero cha injini, utaka uli tho, pamene maso ake anachita chidima. Boti linayamba kuzungulira lokha pakati pa nyanja, anthu khumi ali momwemo. Mwayi wake, mmodzi anadumphira injini n'kuizimitsa.

Jailosi anali atayendetsa maboti zaka makumi awiri pa doko lina kufupi ndi Lifuwu. Koma kwa miyezi itatu ankangowonda, ludzu losatha, kutaya madzi pafupipafupi. M'mudzi ankanong'onezana. Ena ankati ndi kachilombo, ena ankati amulodza anzake a nsanje.

Kuchipatala anamupeza ndi shuga. Atatuluka, a Fanuel, eni boti, anabwera kudzamuzonda.

"A Mkwichi, ndilibe nanu chifukwa," anatero a Fanuel. "Koma sindingaike miyoyo ya anthu khumi m'manja mwa munthu amene sadziwa tsiku lomwe adzagwenso."

Jailosi anavomereza, chifukwa zinali zoona.

Anakhala pakhomo wopanda chochita. Mankhwala ankamwa tsiku limene wadzuka wofooka, akadzuka bwino n'kusiya. Kenako anaponda munga wa nsomba, ndipo bala la pachala chachikulu cha kuphazi linakana kupola. Namwino wa ku kiliniki ya shuga, a Sharon, ataliona sanabise mawu.

"Bala ili likapitirira chonchi, chalachi chidulidwa, mwina ndi phazi lomwe. Inu mukuti mukumva bwino, koma shuga sali ngati malungo. Amakwera mwakachetechete. Muyenera kumamuona ndi maso anu, kunyumba komwe."

Anamusonyeza kamakina koyezera shuga, kochepa kuposa foni, n'kumuphunzitsa kagwiritsidwe kake.

Mkazi wake, Ella, ankalima mpunga ku sikimu ya Lifuwu. Sanafunse maganizo a munthu. Anagulitsa matumba awiri a mpunga, anakwera galimoto ya ku Salima, nabwerako ndi kamakinako, timapepala take ndi timasingano.

M'mawa mwake Jailosi anasamba m'manja ndi sopo, anapukuta, nakhala pampando. Kasingano kanali m'dzanja, koma iye ankazengereza kudzibaya.

"Bambo a Chisomo," anatero Ella, "mbedza zakubayani kangati moyo wanu wonse? Ndiye kakugonjetseni kameneka?"

Anadzibaya m'mbali mwa chala. Kadontho ka magazi kanalowa m'kapepala, ndipo posakhalitsa nambala inatuluka: 312. A Sharon anali atamuuza kuti m'mawa asanadye, yake izikhala pafupi ndi 130 kapena kutsikirapo. Chomwe chinamuopsa n'chakuti tsiku limenelo anali atadzuka wamphamvu, wopanda pomupweteka kupatula phazi.

Kuyambira pamenepo sanadumphitsenso mankhwala. Timapepala n'todula, choncho anagwirizana ndi a Sharon masiku oyeza: m'mawa asanadye, ndipo nthawi zina patatha maola awiri atadya. Nambala iliyonse ankailemba m'kope, pambali pake n'kulemba chimene wadya.

Kopelo linayamba kumuphunzitsa. Tiyi wa masipuni anayi a shuga anamusiya. Thobwa lotsekemera linam'pweteka mtima kulisiya, koma analisiya. Ngakhale mpunga wa m'munda mwa mkazi wake, akadzaza mbale, nambala inkakwera kwambiri. Akachepetsa n'kuchulutsa nyemba, chisoso ndi usipa, inkatsika.

Sikuti zonse zinayenda bwino. Pa chinkhoswe cha mphwake anamwa mabotolo awiri a zoziziritsa kukhosi kuseri kwa nyumba, kunyumba n'kukanena kuti wamwa madzi okha. Atayeza, Ella anasuzumira nambala, kenako anamuyang'ana.

"Ine mutha kundinamiza. Koma kamakina aka mwakalephera."

Panalinso mwezi wathunthu umene anatsatira zonse, koma nambala inakakamira pamwamba pa 200. Tsiku lina anatsekera kamakinako m'sutukesi, nati wangotayitsa mpunga wa mkazi wake. Patapita masiku atatu anakatulutsa, anatenga kope lake n'kupita kuchipatala. Dokotala anawerenga tsamba ndi tsamba, nasintha mlingo wa mankhwala. Pasanathe masabata awiri, nambala zinayamba kutsika.

Nthawi yonseyi Jailosi ankasoka maukonde a anthu pansi pa mtengo, phazi litamangidwa bandeji. Amene kale ankamunyamulira mafuta a injini tsopano ndi amene ankamupatsa ganyu. Iye anapirira. Patatha miyezi inayi bala linauma, chala chili chonse.

Usodzi utatsegulidwa ku Mbenji m'mwezi wa Epulo, anapita kwa a Fanuel ndi kope komanso kalata ya dokotala.

"Sindikupempha chifundo, bwana. Werengani nokha. Thupi langali tsopano ndimalifunsa, ndipo limandiyankha."

A Fanuel anatsegula masamba kwa nthawi yaitali, kenako anamulola kuyesa maulendo asanu.

Pa ulendo wachitatu, katundu atakwezedwa kale, Jailosi anamva thukuta lozizira ndi kunjenjemera. Anayeza pomwepo, anthu akuona. Nambala inali 64, shuga watsika kwambiri. Akanatha kubisa poopa kuchotsedwanso ntchito, koma anauza onse kuti boti silinyamuka. Asodzi anadandaula kuti anzawo awapitirira. Iye anasungunula masipuni atatu a shuga m'madzi monga a Sharon anamulangizira, anamwa, anadikira mphindi khumi ndi zisanu, nayezanso. Itakwera, anadya mbatata ndi nsomba, ndipo atatsimikiza kuti ali bwino anadzutsa injini.

Mmodzi wa asodziwo anakamuneneza kwa a Fanuel. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Woyendetsa amene amaimitsa boti yekha akaona kuti sali bwino, ndi amene ndakhala ndikumufuna."

Lero Jailosi akuyendetsabe, kamakina kake katakulungidwa m'pulasitiki m'chikwama kuopa madzi ndi dzuwa. Akaona mnzake akuwonda ndi kumwa madzi mosalekeza, amamukokera pambali n'kumuuza kuti akayezetse kuchipatala. Asodzi awiri ndi mayi wina wogulitsa mandasi anapezeka nawo matendawa msanga chifukwa cha iye, ndipo onse ali pa ntchito zawo.

Shuga sanam'chokere Jailosi, ndipo mwina kwa inunso sadzachoka. Koma munthu amakhala naye, n'kumagwira ntchito, n'kulera ana ake. Nambala ikakwera, si chiweruzo, ikungokuuzani poti mukonze. Yezani, lembani, imwani mankhwala, ndipo zikakanika pitani nalo kope lanu kwa achipatala. Osataya mtima, abale anga. Mawa m'mawa sambani m'manja, muyezenso.