Simenti ya Abambo Pathanthwe

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene abambo anga, mmisiri womanga nyumba, anapeza ntchito yachilendo kunja kwa Gaborone. Kuphiri lina kunali thanthwe limene anthu akale anazokotapo nyamalikiti ndi mapazi a nyama, ndipo linayamba kung'aluka. Tinali alendo ochokera ku Malawi, tinkakhala m'kachipinda ka lendi ku Bontleng, ndipo chilolezo chathu chokhalira m'dzikomo chinkadalira ntchito ya abambo.

Abambo sanali munthu wolola kuwongoleredwa. Amayi ankati khoma likapindika, wolakwa ndi diso lako.

Loweruka lina ananditenga kuti ndikaone luso lawo. Mng'alu waukulu anali atautseka ndi simenti, kusalaza bwinobwino ngati khoma la pabalaza. Palibe anawatuma kutero. Anauzidwa kungoika zochirikiza, koma mmisiri saona mng'alu n'kuupitirira. Ndinanyada kwambiri.

Tili pomwepo anafika Mma Dikeledi, mayi wachitswana amene ankayang'anira ntchitoyo. Atapereka dumela, moni wa kumeneko, anagogoda thanthwelo ndi kanyundo, khutu ali tcheru. Pena linkalira gwa, pena linkalira ngati mgolo wopanda kanthu. Kenako anafotokoza mofatsa kuti madzi a mvula amalowa pamwamba n'kutulukira pamng'aluwo. Simenti yawatsekera njira, ndiye adzakankha mwalawo mpaka udzagwe pamodzi ndi nyamalikiti zake. Anati zonsezo zichoke.

Ndinadikira kuti abambo akalipe, pakuti ndinkawadziwa. Ndinkaopanso kuti akakalipa ntchito itha, tibwerera ku Malawi chimanjamanja. Koma iwo anangovula chipewa, kuyang'ana thanthwelo nthawi yaitali, n'kutola tchizulo. Anayamba kugumula ntchito yawo yomwe, pang'onopang'ono kuti asakhudze zozokotazo. Chidutswa china chitachoka, madzi akuda onunkha matope anatsikira pa nsapato zawo.

Ine manyazi anandigwira, ndipo mkwiyo wanga unali pa iwo, osati pa mayi uja. Pobwerera tinakwera kombi, minibasi ya kumeneko. Titatsika ndinawafunsa kuti, “Adadi, munangogonja chifukwa ndife alendo eti?”

Anandiyang'ana, fumbi la simenti lidakali m'nsidze.

“Ndikanakhala kwathu ndikanagumulabe. Madzi aja sunawaone? Simenti ija ndi yanga, ndikhoza kukanda ina mawa. Amene anazokota nyama zija sadzabweranso.”

Sanawachotse ntchito. Anagwira mpaka mvula yotsatira, akutseka ming'alu ndi laimu wofewa n'kusiya timabowo totulukira madzi, monga anawaphunzitsira mayiyo.

Lero ndine mphunzitsi, ndili ndi ana anga awiri, ndipo abambo anatisiya. Ndikalakwitsa pa bolodi ana asukulu n'kundiwongolera, ndimaseka n'kufufuta. Koma mwana wanga wondibadwira akakhala pomwepo, mawu akuti “ndalakwa” amandikanika kuwatchula. Apa m'pamene ndimazindikira kuti chimene chinawalemera abambo tsiku lija sanali mayi uja, kapena ntchito. Ndinali ine, nditaima pambali pawo ndikuwayang'ana, ndipo anagumulabe.