Maliro Obwereka ku Indianapolis

Chimene ndimakumbukira bwino ndi mapazi a fanolo. Chala chachikulu chokha chinkalingana ndi mutu wanga, ndipo mutu wangawu si wamasewera, ngakhale unalephera kundifikitsa kumapeto kwa koleji. Buda anali ataima panja pa kachisi, chipale chofewa chitaunjikana m'mapewa, iye ali phee ngati munthu woti mawa sapita ku ntchito.

M'nyengo yozizira imeneyo, agogo aamuna, bambo awo a amayi, anamwalira ku Ntcheu. Amayi sanapite, chifukwa akanatuluka mu Amereka sakanaloledwa kubwerera kwa ife. Uthenga anaulandira pa foni, n'kuvala yunifomu, n'kupita kukasambitsa okalamba a eni ake mu South Bend. Msozi sanagwetse, kudya anasiya. M'nyumba munangoti zii, ana tikuyenda monyang'ama.

Kenaka nkhalamba ina ya ku Vietnam imene ankaisamalira inatsamira mkono, ndipo ana ake anaitanira amayi ku mapemphero ku kachisi wa Abuda ku Indianapolis. Bambo anakana, ati Mkhristu sayandikira mafano. Amayi anangoti, "Maliro n'kulirana," n'kundiponya ine m'galimoto.

Kwathu munthu safika pasiwa mwakachetechete. Amayamba kulira akulowa kumene, kuti anamfedwa adziwe kuti wabwera. Amayi anamanga chitenje pamwamba pa jekete, tinavula nsapato, n'kulowa m'holo yonunkhira lubani ndi malalanje, momwe anthu anali duu ngati akulemba mayeso. Pamenepo amayi anaukweza: "Mayo ine! Ababa anga ine!" Amonke, ansembe a Chibuda, anadukiza nyimbo. Ine ndinayang'ana pansi, kufuna una woti ndilowemo. Mwana wamkazi wa malemu, wovala zoyera, anaimirira, ndipo ndinati basi, atipirikitsa. Koma anabwera n'kukhala pansi pambali pa amayi, n'kuwagwira paphewa. Amayi analira mpaka mawu kusasa, akutchula mudzi, dimba la kabichi ndi njinga yakapalasa, zinthu zimene malemu wa ku Vietnam uja sanazionepo. Palibe anafunsa kanthu. Anangowapatsa tiyi wopanda shuga, iwo n'kumwa yense.

Manda a agogo amayi sanawaonebe mpaka lero. Kuno maliro akumudzi timawalira pa foni, titadzitsekera m'galimoto, nthawi yopuma ku ntchito isanathe. Agogo anga anali mkulu wa mpingo moyo wawo wonse, koma mwana wawo anawalira mokwanira kamodzi kokha, pa maliro obwereka.